Disiketi Imene Inali ndi Mayina a Anthu

Aphunzitsi anzanga, zikomo pondipatsa mpata. Amene akonza maphunzirowa anandipempha kuti ndikusonyezeni mmene ndimaphunzitsira ana kuteteza makompyuta, ndipo ndichita zimenezo tikamwa tiyi. Koma ndinawauza kuti sindingagwire waya pamaso panu musanadziwe zimene manja awa anachitapo. Ena a inu a konkuno ku Nkhotakota ndaona mmene munayang'anizirana nditalowa. Simunalakwe. Ndine Malenga yemwe uja.

Ndinali mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina kuno ku boma. Za mawaya ndinaphunzira kwa bambo anga, amene ankakonza mawailesi pamsika. Patangopita zaka zochepa chiyambireni matipate, bungwe lina linapatsa sukulu yathu makompyuta asanu akale. Awiri okha ndiwo ankayaka. Ahedi anawafunditsa nsalu n'kutseka chitseko, poopa kuti wina angawawononge. Ine ndinapempha makiyi, ndinamasula onse asanu, ndipo pochotsa cha uyu kuika mwa uyu ndinadzutsa anayi. Buku la mapulogalamu limene linabwera m'katoni yomweyo ndinaliwerenga mpaka linathothoka masamba.

Ndinayambitsa kalabu ya ana khumi ndi awiri, Lachitatu lililonse masana. Tinkaphwasula mawailesi akufa, kutengamo timabatire, timababu ndi mawaya, n'kupanga belu lolira munthu akatsegula bokosi. Kenako tinkapita pa kompyuta kukalemba timapulogalamu. Masewera amene ana ankakonda anali awa: gulu lina litseke fayilo ndi pasiwedi, gulu lina liyese kutsegula. Ankakuwa ngati ali ku mpira. Ndinkawaphunzitsa kuthyola, ndipo ndinkanyadira kuti akuthyola msanga. Koma sindinawauzepo tsiku ndi limodzi kuti kuseri kwa chitseko chimene wathyolacho kumakhala munthu. Sindikanawauza, chifukwa inenso sindinkadziwa.

Mowa ndinkamwa kale, koma zaka zimenezo unakula. Akuluakulu muli panonu mukukumbukira mmene zinalili. Tinali titangochoka m'nthawi yonong'ona ngakhale m'nyumba mwako momwe, ndiye pakamwa pa aliyense panali patamasuka. M'bala munthu ankalemekezeka ndi zimene akudziwa. Wodziwa za ena ndiye ankamusiyira mpando. Ine ndinkaufuna mpando umenewo.

Tsiku lina kunabwera uthenga wochokera ku malo oyezera magazi amene bungwe lina linali litatsegula m'tauni muno. Kompyuta yawo inali itagwidwa ndi vairasi. Amene anandiitana anali Mayi Kamanga, mlangizi wa pamalopo, mayi wofatsa amene tinkapemphera mpingo umodzi. Anandilowetsa m'kachipinda ka mkati, n'kutukula kiyibodi kundisonyeza kapepala kamene analembapo pasiwedi.

"Aphunzitsi, ndili ndi munthu akundidikira uko," anatero. "Inu ndinu athu, gwirani ntchito momasuka."

Vairasiyo ndinaichotsa msanga. Poyesa ngati zonse zili bwino ndinatsegula fayilo ina, ndipo munali mayina. Dzina, mudzi, zaka, ndi zotsatira za magazi. Sindinathyole kalikonse, abale. Chitseko anachita kunditsegulira chifukwa chondikhulupirira. M'thumba la malaya ndinali ndi disiketi. Ndinailowetsa, ndinakopera, ndinaibwezera m'thumba. Mayi Kamanga atabwera anandithokoza, anandiperekeza mpaka pamsewu.

Mukandifunsa chifukwa chake ndilibe yankho labwino. Sindinkafuna kugulitsa. Sindinkadana ndi aliyense. Ndinkangomva kukoma poyenda mumsika ndikudziwa zimene eni ake akubisa.

Loweruka lina masana tili m'bala, mnzanga wina anayamba kuyamikira Mayi Zainabu Mussa, mphunzitsi wa masamu pasukulu pathu. Anali mphunzitsi weniweni, ndipo amuna awo anali ndi maboti ndi makoka kunyanjaku. Mnzangayo ankati mkazi wotero ndi wosowa. Ine ndinali nditamwa mabotolo angapo, ndipo ndinaona kuti palibe akundimvera. Ndinati, "Musawayamikire kwambiri amenewo. Ali m'gulu la aja oyenda ndi kachilombo." Aliyense anatembenukira kwa ine. Mpando uja ndinaupeza.

Achinyamata muli panonu mwina simungamvetse. Masiku amenewo mankhwala kunalibe kuno. Mawu amenewo anali ngati kumukumbira munthu manda akadayenda. Sabata isanathe amuna awo, a Mussa, anapereka talaka, ukwati unatha, ngakhale tauni yonse inkadziwa kuti woyendayenda m'banjamo sanali mkaziyo. Ana m'kalasi anayamba kukana kulandira makope amene mayiwo agwira. M'chipinda cha aphunzitsi kapu yawo inayamba kuikidwa payokha pawindo. Ine ndinkaiona kapuyo tsiku lililonse ndikumwa tiyi wanga. Patapita mwezi anasiya ntchito n'kuchoka m'tauni.

A bungwe loyeza magazi lija anafufuza. Anzanga a kumowa atafunsidwa anati anamva kwa Malenga. Atandifunsa ine, ndinati ndinamva kwa Mayi Kamanga. Ndinanena zimenezo nditawayang'ana mayiwo m'maso. Anawachotsa ntchito. Anthu anasiya kupita kukayezetsa, benchi ya pakhomopo inkangokhala yokha. Ndinathamangira kusukulu, ndinafufuta fayilo ija, disiketiyo n'kuiponya m'katoni ya madisiketi akale. Ndinati zatha.

Mlandu suwola. Teremu yotsatira ndinakonza phunziro la kalabu losonyeza kuti chofufutidwa pa kompyuta sichimafufutika kwenikweni, munthu wodziwa atha kuchidzutsa. Tsikulo ndinabwera ndi matsire. Ndinatenga katoni ija n'kuikhuthulira patebulo, ndinati aliyense atenge disiketi ayese. Ndinali nditaiwaliratu. Ine mphunzitsi wa phunziro lomwelo.

Ndinamva wina akukuwa mokondwa, "Aphunzitsi, tadzutsa ina yaikulu!" Ana onse anathamangira pa kompyuta imodzi. Pamene ndinkafika anali akuwerenga kale, ndipo phokoso linali litatha. Panali mtsikana wina wa Fomu 4, Esinati, amene ankaposa onse m'kalabumo. Chala chake chinkatsika pa sikirini, kenako chinaima. Linali dzina la bambo ake. Sanalire. Anatenga chikwama chake n'kutuluka, ndipo pasukulupo sanabwererenso. Ine ndinazula waya kukhoma, koma madzi akatayika sawoleka. Ana khumi ndi awiri anali ataona, ndipo aliyense anali ndi kwawo.

Ntchito inatha sabata yomweyo. Anandipititsa kupolisi, koma wapolisi anangokanda m'mutu, anati sakudziwa kuti alembe mlandu wanji popeza palibe chimene chasowa m'nyumbamo. Anandimasula. Ndikunena zoona, bola akananditsekera. A bungwe lija sanawabwezere ntchito Mayi Kamanga, anati analakwabe posiya mlendo yekha ndi pasiwedi. Mkazi wanga anapirira miyezi iwiri. Pamjigo amayi anzake ankamusiya atunge yekha. Tsiku lina anamanga katundu n'kunena kuti, "Bambo a Chikondi, umphawi ndikanapirira, koma ana awa akukula ndi dzina lanu." Anapita kwawo ku Nkhunga.

Ndinathawira ku Dwangwa kumene anthu ambiri ndi obwera. Ndinkakonza mawailesi a anthu odula nzimbe pakhonde la sitolo ina, malipiro ake kachasu. Ndinkagona kuseri kwa chigayo pa masaka. Zida za bambo anga ndinazimwa chimodzichimodzi mpaka kunatsala sikuludiraiva imodzi. Manja anayamba kunjenjemera moti waya ndinkachita kumulumikiza ndi mano. Zaka ziwiri zinapita choncho, ndipo zambiri za m'menemo sindizikumbukira.

M'mawa wina, dzuwa litakwera, panaima munthu wa kofia yoyera ndi njinga. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndinu a Malenga?"

Ndinavomera.

"Ine ndine Yusufu, mlongo wake wa Zainabu. Akukufunani. Kwerani."

Ndinadziwa kuti akukandimenya kapena kuposa apo, ndipo ndinakwera. Mtima wofuna kudziteteza unali utatha. Anandipalasa mpaka kwawo ku Kanyenda. Potsika anangoti, "Ine ndikanakonda musaponde pakhomo panga. Koma wodwala sakanizidwa."

Mayi Zainabu anali atagona pamkeka pakhonde, atatsamira pilo. Ndikanakumana nawo panjira sindikanawazindikira. Mikono inali ngati bango. Maso okha ndiwo anali omwe aja amene ankayang'ana nawo mwana wosalemba homuweki. Ndinagwada patali.

"Senderani, a Malenga. Sindiluma. Kapena nanunso mukuopa kapu yanga?"

Ndinasendera. Ndinayamba kunena kuti pepani, koma anatukula dzanja.

"Zimenezo sungani. Ndakuitanirani funso limodzi. Zaka ziwiri ndakhala ndikuliganiza, ndipo sindikufuna kupita nalo. Ndinakulakwirani chiyani?"

"Palibe, mayi."

"Ganizani bwino. Mwina ndinakuyankhani mwamwano tsiku lina. Mwina ndinakunenerani kwa ahedi."

"Palibe chimene munandilakwira."

"Ndiye munanena chifukwa chiyani?"

Ndinafunafuna bodza loti liwapepuze, koma silinapezeke. Ndinati, "Ndinkafuna kuti anthu a m'bala andimvere."

Anatseka maso. Nkhuku inadutsa pakati pathu. A Yusufu anali ataima pakhomo, ndinkamva kupuma kwawo.

"Basi?" anatero mayiwo. "Ukwati wanga, ntchito yanga, ana anga amene anatsala kwa bambo awo. Kuti anthu a m'bala akumvereni."

"Inde, mayi."

"Mukudziwa chimene ndinapitira kukayezetsa? Mwana wanga wachitatu anamwalira ali ndi miyezi isanu. Ndinkafuna kudziwa ndisanatengenso pathupi pena. Ndinazungulira nyumba ija masiku atatu ndisanalowe. Mayi Kamanga anandigwira dzanja n'kunena kuti zimenezi zikhala pakati pa ine, iwo ndi Mulungu. Sankadziwa kuti pali wachinayi."

Anatsokomola nthawi yaitali. A Yusufu anabwera ndi madzi, anawamwetsa, n'kubwerera pakhomo paja.

"Kukhululuka musandipemphe," anapitiriza. "Mphamvu imeneyo ndilibe, ndipo sindikufuna kunama pafupi ndi manda. Koma pali chimene ndikufuna muchite. Kayezetseni. Pamalo pomwe paja. Dzina lanu lilowe m'makina mmene munaba langa. Mupite musanamwe, kuti mumve bwinobwino. Mukatero mubwere."

A Yusufu sanandibwezere pa njinga. Ndinayenda wapansi, ndipo aka kanali koyamba m'zaka ziwiri kufika masana ndisanalawe mowa.

Kusiya mowa sikunachitike tsiku limodzi, ndipo amene muli ndi vutoli musanamizidwe. Ndinayesa ku Dwangwa komweko, ndinagwa tsiku lachitatu. Ndinaona kuti sindingasiye ndikugona pafupi ndi pamene akutcherera. Ndinapita kwa malume anga kumunda wa mpunga, ndinawauza zonse osabisa, ndinawapempha kuti asandipatse ndalama m'manja ngakhale nditalira. Masiku oyamba ndinkasanza, ndinkaona zinthu zoyenda pakhoma. Malume ankandidzutsa kupita nane kumatope. Ndinagwanso kamodzi pa maliro a m'mudzimo. Patatha miyezi itatu manja anayamba kukhazikika.

Ndipamene ndinapita kukayezetsa. Mlangizi anali wina, bambo wachinyamata. Ndinatchula dzina langa lenileni, ndipo ndinaona nkhope yake ikusintha. Ananditenga magazi, kenako anatembenukira ku kompyuta n'kuyamba kulemba. Ndinkamva batani lililonse likulira. M, A, L. Ndipo pakhoma, pamwamba pa kompyutayo, panali kapepala komatidwa ndi selotepi, pasiwedi italembedwa ndi zilembo zazikulu. Zonse zija zitachitika, kapepala kanangochoka pansi pa kiyibodi n'kukwera pakhoma.

Ndinati, "Achimwene, mukundidziwa. Ine ndawerenga kale icho ndili pompano. Ching'ambeni."

Anandiyang'ana, kenako anaching'amba.

Masiku amenewo zotsatira sizinkatuluka tsiku lomwelo. Ndinadikira masiku angapo, ndipo m'masiku amenewo ndinamva chimene mayi aja ankafuna ndimve. Anthu awiri akaseka pamsika ndinkati akuseka ine. Ndinkawerenga m'mutu anthu onse amene amalowa m'kachipinda kaja, wosesa, wokonza magetsi, wobweretsa makalata. Ndinkadzifunsa kuti ndani mwa iwo amamwa, ndipo amamwera kuti.

Zotsatira zake sindikuuzani. Ndi zanga.

Ndinabwerera ku Kanyenda. Mayi Zainabu anali atalowa m'nyumba, sankatulukanso. Ndinakhala pakhomo la chipinda n'kunena kuti ndapita, ndipo ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze zimene anapeza.

"Musandiuze," anatero, mawu ali pansipansi. "Sindinakufunseni. Mwaona? N'zotheka munthu kusadziwa za mnzake."

Kenako anafunsa ngati ana aja ndimawaphunzitsabe. Ndinati palibe sukulu ingandilandire. Anati, "Makinawa sabwerera kwawo. Akubwera ambiri. Wina adzawaphunzitsa anawo, ndipo ngati si inu adzakhala wina amene sanaonepo munthu ali chonchi." Amenewo ndiwo mawu omaliza amene anandiuza. Anamwalira mvula isanagwe. Ku maliro ndinaima kutali, kunja kwa mpanda wa manda. Sanandikhululukire, ndipo sindingaime pano n'kunama kuti anatero.

Ndinapitanso kwa Mayi Kamanga. Ndinawapeza akupeta mpunga. Sanandipatse mpando. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kunena kuti, "Ndamva. Pitani bwino." Ndinalemba kalata ku bungwe lija yofotokoza bodza langa lonse, ndinasaina. Sanayankhe. Mkazi wanga anabwerera patatha chaka china, ataona yekha kuti ndasiyadi, ndipo mpaka lero ndalama za pakhomo amasunga ndi iye.

Mwini sukulu ina yapulaiveti ndiye anandiyesa pa ntchito. Ndinamuuza zonse tsiku loyamba, ndipo malamulo ndinadziikira ndekha. Sindikhala ndekha ndi kompyuta ya munthu, mwini wake azikhala pambali panga kuyambira poyatsa mpaka pozimitsa. Pasiwedi sindilandira, mwini alembe yekha ine nditayang'ana kumbali. M'thumba mwanga simulowa disiketi.

Kaphunzitsidwe kanga kanasintha. Timayambabe ndi mawaya, chifukwa mwana amene wawotcha chala polumikiza belu la bokosi lake amadziwa kuti loko ndi chinthu chimene munthu anavutikira. Koma tsopano m'bokosimo simukhala mwala kapena switi ngati kale. Mwana aliyense amalemba pakapepala chinthu chake chimene sakufuna kuti anzake adziwe, amapinda, n'kutsekera m'bokosi limene wapanga yekha. Bokosilo limakhala pa shelefu sabata yathunthu, anzake akudutsa pomwepo. Muwaone mmene amalondera. Kenako timakhala pansi ndikuwafunsa kuti agona bwanji sabata imeneyi. Akayankha, ndipamene ndimawauza nkhani imene ndakuuzaniyi, yonse, mayina okha ndimasintha monga ndasinthira lero. Aliyense amatenga pepala lake n'kuliwotcha yekha, losawerengedwa.

Tikafika pa kompyuta kuthyola timaphunzirabe, chifukwa sungatseke bwino usakudziwa polowera wakuba. Koma timathyola makina athu okha, okhala ndi mayina opeka, ndipo gulu lothyola limayamba lapempha chilolezo cholembedwa kwa gulu lotseka. Likalowa, ntchito yake sinathe mpaka litawasonyeza anzawo polowera n'kuwathandiza kutseka. Amene wapeza polowera n'kukauza wina osati mwini wake amatuluka m'kalabu, ngakhale akhale wanzeru chotani. Ndatulutsapo awiri, ndipo mmodzi anali woposa onse. Teremu iliyonse timapita ku ofesi imene yatilola, ana amayang'ana pansi pa makiyibodi ndi m'makoma, eni ake ali pomwepo, n'kuwaphunzitsa kupanga pasiwedi yosunga m'mutu.

Tsopano ndilankhule ndi inu. Ambiri mwa inu kumene mukuchokera ndinu nokha odziwa makinawa. Akuitanani kale kuchipatala, ku ofesi ya zamaphunziro, kwa abusa, kwa a bizinesi, ndipo akusiyani nokha chifukwa ndinu awo. Ndikudziwa mmene zimakomera. Ndikudziwanso kuti m'chipinda muno muli wina, mwina awiri, amene m'chikwama mwake kapena kunyumba m'kabati muli disiketi ya zinthu za eni. Simunauze munthu. Mukuti mukungosunga. Inenso ndinkangosunga, mpaka Loweruka lina.

Kufufuta sikukwanira, zimenezo mwamva mmene ndinaziphunzirira. Ndabwera ndi hamala, iyi. Ndikaisiya kuseri kwa holoyi pa njerwa, pamene palibe zenera. Tikamamwa tiyi ine ndikhala muno nditafulatira chitseko, ndipo sindiwerenga amene atuluke.